Ikungozungulira, Achimwene

Mvula inatipeza ku Limbe cha m'ma 2 koloko masana, ya m'Januwale ija yobwera mosachenjeza, ndipo aliyense anathawira pamene miyendo inamufikitsa. Ine ndinausa pakhonde la sitolo ina ya nsalu, chakufupi ndi pokwerera maminibasi, pamene bambo wina amakonzerapo mafoni. Katebulo kake n'kagalasi, m'kati mwake muli mabatire otupa, masikirini ong'aluka, timawaya ta machaja, ndi mafoni a Tecno ndi itel amene eni ake sanabwerenso kudzawaombola. Tinapanikizana pamenepo anthu ngati khumi. Panali wootcha chimanga atakokera mbaula yake kukhoma, mnyamata wina atakumbatira chikwama cha laputopu pachifuwa ngati khanda, ndi mayi wina wachitenje chobiriwira amene anafika mvula isanayambe. Nkhani inali ya mayiwa.

"Achimwene, ine mutu wandiima. Ndikangoidina, ikungozungulira, ikungozungulira. Loweruka azimayi anzanga ndinawakhazika pansi pa mango mpaka dzuwa kupendeka, ine foni ili m'manja ngati ndikuombeza maula."

Zinamveka kuti iwo ndi mlembi wa banki m'khonde ya ku Bangwe, gulu la anthu 25. Chaka chatha bungwe lina linawapatsa apu yolemberamo masheya ndi ngongole, n'kuwauza kuti kabuku kapume. Poyamba zinkayenda. Koma mwezi ndi mwezi apuyo inkalemera, mpaka tsopano kuti aone ngongole ya munthu mmodzi amadikira kufikira azimayi atayamba nkhani zina.

Wokonza mafoni anaitembenuza foniyo, kuigogoda pachikhatho, n'kunena mawu amene ndawamva kambirimbiri m'misika yathu. "Mayi, foni iyi yatopa. RAM yake ndi 1 GB basi, memori yadzaza. Tifufute zithunzi, tiiflashe. Koma chilungamo chake, gulani ina."

"Ndigule ndi chiyani, achimwene? Komanso tandiuzani. WhatsApp imatseguka. Mpamba ndimatumiza ndi *444# m'kuphethira kwa diso. Nanga bwanji iyi yokha?"

Funso limeneli linandikhudza, chifukwa mayiwa, popanda kudziwa, anachita zimene katswiri aliyense wa mapulogalamu amayenera kuyambira: anayerekeza. Foni ndi yomweyo, netiweki ndi yomweyo, dzanja ndi lomwelo. Ngati ziwiri zikuthamanga ndipo chimodzi chikukwawa, mlandu suli pa msewu.

Mnyamata wa laputopu uja anasendera pafupi. "Pepani amayi, ndamva nawo. Ndingaione pang'ono? Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu."

Mayiwo anayang'ana kaye wokonza mafoni, ngati opempha chilolezo kwa mwini malo, kenaka anapereka foniyo ndi manja awiri. Mnyamatayo sanatsegule apuyo msanga. Analowa kaye m'masetingi, pamene foni imaonetsa data imene apu iliyonse yadya, n'kuwaonetsa mayiwo sikirini. WhatsApp, ndi magulu ake onse a kutchalitchi, a maliro ndi a kusukulu ya ana, inali pansi. Pamwamba penipeni panali kaapu kolembera manambala ka banki m'khonde.

"Ndiye kumene kumapita bandulo yanga!" anatero mayiwo, dzanja lili pakamwa. "Ine ndimakalipira ana kunyumba."

Kenaka anazimitsa netiweki yonse n'kudina apuyo. Sikirini inangoti mbee, popanda ngakhale dzina limodzi la mamembala amene mayiwo anawalemba okha ndi chala chawo. Anayatsanso netiweki, n'kuyang'ana wotchi ya pamkono, n'kuyamba kuwerenga mokweza. Tonse pakhonde tinakhala chete, ngakhale wachimanga anasiya kukupiza moto. Mayina anatulukira atafika pa 47.

"Amayi, foni yanu ilibe mlandu waukulu. Apu iyi sisunga kanthu m'foni. Nthawi iliyonse mukaitsegula, imapita kukatenga zonse ku seva, kompyuta ya eni ake imene ili kutali. Zonse, kuyambira tsiku limene munayamba, pamodzi ndi zithunzi za mamembala. Ndipo taonani mmene mayina akutulukira, limodzilimodzi. Ndiye kuti ikufunsa za munthu mmodzi, kudikira yankho, kufunsa za wachiwiri, kudikira yankho, mpaka 25."

Wachimanga ndi amene anaimva msanga. "Aise, ndiye kutunga madzi ndi kapu kumeneko. Mjigo uli kutsidya, chidebe chilipo, iwe n'kumayenda maulendo 25."

"Ndi zomwezo, achimwene. Ndipo mtsuko kunyumba mulibe, moti aliyense akamva ludzu ndi ulendo wa kumjigo."

Kutsidya kumene ankanenako n'kutali ndithu. Malawi alibe gombe la nyanja yamchere, choncho intaneti yathu imayenda pamtunda kudzera m'maiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique, kukalumikizana ndi zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM, imene inayamba kugwira ntchito mu 2009, ndi EASSy ya mu 2010. Amene anali ndi foni m'manja mu Meyi 2024 akukumbukira mmene zinthu zinakwawira zingwe ziwirizi zitaduka. M'chingwe chagalasi uthenga umathamanga makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi. Liwiro loopsa, koma ngati seva ili ku Ulaya, kupita ndi kubwera ndi makilomita oposa 20,000, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi latha kale uthenga usanaime paliponse. Onjezanipo nsanja ya netiweki yodzaza anthu ndi makina onse a m'njira. Palibe katswiri amene angafupikitse mtunda umenewu. Chimene angathe ndi kuchepetsa maulendo: kufunsa kamodzi za anthu onse 25, kusunga yankho m'foni, ndipo mawa kungofunsa zimene zasintha.

Za zithunzi mnyamatayo anachita kupukusa mutu. Chithunzi cha membala chimaoneka pa sikirini kakang'ono ngati chikhadabo, koma apuyo inkakoka chithunzi chonse mmene kamera inachijambulira, mamegabayiti angapo chilichonse, kenaka foni n'kumavutika kuchifinya kuti chikwane pa chikhadabopo. "Zili ngati kugula thumba la 50 kg la mchere tsiku lililonse pofuna kuthira m'ndiwo," anatero. Foni ya RAM yochepa ikalandira zithunzi zazikulu 25 nthawi imodzi imapuma mwabefu, n'kuyamba kutseka mapulogalamu ena kuti ipeze malo.

Wokonza mafoni, amene nthawi yonseyi ankamangitsa kasikuluu pa foni ina, anakweza mutu. Sanakwiye, koma sanafunenso kugonja ulele. "Komatu bwana, pa foni ya 8 GB apu yomweyi ikhoza kutseguka bwino. Ndikunama?"

"Simukunama, madala. Ndipo vuto lili pomwepo. Amene anailemba ali ndi foni ya 8 GB, ali mu ofesi ya Wi-Fi, ndipo anayesera ndi mamembala atatu ongopeka. Kwa iye inkauluka. Sanaiyese pansi pa mango ku Bangwe, ndi zolemba za chaka chathunthu."

"Chikomekome cha mkuyu," anatero mayiwo motsitsa mawu, ndipo sanafunike kumaliza.

Apa ndiyenera kunena zanga, chifukwa nkhaniyi imandipweteka. Pulogalamu ikachedwa, amene amalipira si amene anailemba. Amalipira mayi ngati awa, ndi bandulo yotha tsiku lisanathe, ndi batire yofa magetsi atazima, ndi manyazi pamaso pa anzawo amene ayamba kunong'onezana kuti kapena mlembi akubisa kanthu. Ndipo amalipira kachiwiri akauzidwa kuti vuto ndi umphawi wa foni yawo. Niklaus Wirth, katswiri wa ku Switzerland amene anapanga chilankhulo cha makompyuta chotchedwa Pascal, anadandaula kale mu 1995 kuti mapulogalamu akunenepa ndi kuchedwa mofulumira kuposa mmene makina akuwonjezerera liwiro. Iye ankanena za maiko kumene munthu amasintha kompyuta zaka zingapo zilizonse. Kwathu kuno foni imodzi imatumikira banja lonse mpaka sikirini itachita mizere.

Sikuti njira sizidziwika. Opera Mini inatchuka kuno chifukwa tsamba la pa intaneti linkayamba lafinyidwa pa maseva a kampaniyo lisanafike m'foni. Facebook inatulutsa Facebook Lite mu 2015, ndipo potuluka siinkafika ngakhale 1 MB. Google inabweretsa Android Go mu 2017 poganizira mafoni a RAM ya 1 GB kapena kucheperapo. Ngakhale *211# ndi *444# zimene timadina tsiku ndi tsiku zimathamanga chifukwa zimanyamula timalemba tochepa basi, popanda chithunzi, popanda zokongoletsa. Onsewa anafunsa kaye kuti munthu amene adzagwiritse ntchito chinthuchi ali ndi foni yanji m'thumba.

Mvula inakula, madzi n'kuyamba kusefukira m'ngalande, ndipo tinasunthira m'kati pang'ono. Mnyamata wina wa yunifolomu ya sekondale, amene anali chete pakona, anafunsa ngati makampani akuluakulu nawonso amalakwitsa chonchi.

"Umaidziwa GTA?" anafunsa wa laputopu. Wasukuluyo anamwetulira, wokonza mafoninso anagwedeza mutu.

Nkhani imene anafotokoza ndi yoona, ndipo ndi imodzi mwa zimene ndimazikonda pa ntchito imeneyi. GTA Online, gemu ya kampani ya Rockstar Games, inatuluka mu 2013, ndipo kwa zaka zambiri osewera pa kompyuta ankadandaula kuti imatenga nthawi yaitali kuti itseguke. Ambiri ankangoti ndi mmene zilili, gemu ndi yaikulu. Mu 2021 munthu wina wodzitcha t0st, amene sankagwira ntchito ku kampaniyo, anatopa ndi kudikira mphindi 6, n'kuganiza zoyeza kuti aone kumene nthawi ikupita. Anapeza kuti gemuyo imawerenga fayilo ya 10 MB yokhala ndi mndandanda wa zinthu pafupifupi 63,000 zogulitsidwa m'gemumo. Fayilo yotere kompyuta iyenera kuimeza mosatafuna. Koma pulogalamuyo, ikafuna kuwerenga nambala imodzi, inkayamba yawerenga kutalika kwa malemba onse otsala mpaka kumapeto kwa fayilo, n'kubwerezanso chimodzimodzi pa nambala yotsatira. Ndiponso chinthu chilichonse chatsopano inkachiyerekeza ndi zonse zimene yawerenga kale, kuopa kuti chingabwerezedwe.

"Tawerengera wekha, mphwanga," anatero kwa wasukuluyo. "Zinthu 63,000, chilichonse kuchiyerekeza ndi zonse za m'mbuyo mwake."

Mwanayo anatulutsa cholembera n'kulemba pachikhatho. Patapita kanthawi anati, mokayika, "Pafupifupi 2 biliyoni?"

"Eya. Ntchito 2 biliyoni zopanda phindu, nthawi iliyonse munthu akatsegula gemu."

t0st atakonza malo awiri okhawo, mphindi 6 zija zinatsika osafikanso 2. Rockstar inavomereza kuti wapezadi vuto, inakonza gemuyo mu Malichi chaka chomwecho, n'kumupatsa madola 10,000.

"Malo awiri basi?" anafunsa wokonza mafoni. Tsopano anali ataika sikuludiraiva pansi.

Malo awiri basi. Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi n'chakuti mndandanda uli waufupi, kulakwitsa kotere sikuoneka. Zinthu 100 kuziyerekeza chonchi ndi ntchito pafupifupi 5,000, kompyuta siimva n'komwe. Koma mndandanda ukakula kakhumi, ntchito imakula ka 100. N'chifukwa chake apu ya mayi aja inkayenda bwino mwezi woyamba. Matenda anali momwemo kuyambira tsiku loyamba, ankangodikira kuti kaundula akule. Ndipo mankhwala ake nthawi zambiri ndi akale, odziwika kwa aliyense amene anasungapo kaundula. Mayina akakhala osakanikirana, kupeza limodzi mwa mayina 1 miliyoni kungafune kuwerenga onse. Akasanjidwa motsatira alifabeti, umatsegula pakati, kuona ngati dzinalo lili kutsogolo kapena kumbuyo, kutaya theka, kutsegulanso pakati pa theka lotsala. Ukachita zimenezi ka 20 wafika. Ma database, mosungiramo zolemba za mapulogalamu, ali ndi chida chofanana ndi chimenechi chotchedwa index, ndipo mzere umodzi wochikhazikitsa umatha kusandutsa kudikira kwa masekondi ambiri kukhala kuphethira.

Mnyamata wa laputopu uja anaulula zake mosabisa. Analembapo pulogalamu ya sitolo ina ya zipangizo zomangira nyumba, ndipo mwini sitolo anadandaula kuti lipoti la madzulo likuchedwa. Iye anatha sabata yathunthu akupala gawo lowerengera msonkho, chifukwa ndi limene linkaoneka lovuta m'maso mwake. Analifulumizitsa kawiri, koma lipoti linkachedwabe chimodzimodzi. Atayeza ndi chida choonetsa nthawi imene gawo lililonse likudya, chimene iwo amati profiler, anapeza kuti msonkho uja unkatenga kachigawo kochepetsetsa. Nthawi yonse inkathera pa kufunsa database mtengo wa katundu mmodzimmodzi, kapu ndi mjigo zija.

"Ndinaphunzira kuti maso amanama, madala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Uyeze kaye, ukonze chimodzi, uyezenso."

Zimenezi akuluakulu a ntchitoyi anazinena kalekale. Gene Amdahl anasonyeza mu 1967 kuti phindu la kufulumizitsa gawo limodzi silingapose kukula kwa gawolo pa ntchito yonse. Ngati ulendo wa ku Lilongwe umatenga maola asanu, ndipo mphindi khumi zokha ndi zogulira tikiti, ngakhale tikiti utaipeza m'kanthawi, udzafikabe patapita maola pafupifupi asanu. Donald Knuth nayenso mu 1974 anachenjeza olemba mapulogalamu za kuthamangira kupala malo amene sanayezedwe, koma m'nkhani yomweyo anatsindika kuti kagawo kakang'ono kamene kakudyadi nthawi kasanyalanyazidwe. Anthu ambiri amakumbukira chenjezo loyambalo n'kulisandutsa chifukwa chosakonzera kanthu, ndipo ine ndimaona kuti kumeneko n'kumulakwira.

Mayiwo anabweza nkhani pamene inayambira. "Nanga zija imandilembera kuti apu sikuyankha, ndidikire kapena nditseke?"

Mnyamatayo anati foni za Android zimatulutsa uthenga umenewo apu ikatha masekondi 5 osamva chala cha mwini wake. Anafanizira ndi okala imene wogulitsa ndi mmodzi, ndipo shuga akatha amatseka zenera n'kuthamangira yekha ku holoselo. Kasitomala akugogoda, palibe woyankha. Apu yolembedwa bwino imatuma mwana ku holoselo, wogulitsa n'kukhalabe pazenera akulandira anthu, ngakhale kungowauza kuti shuga ali m'njira. Munthu amapirira kudikira akamaona kuti wamvedwa. Chimene chimapsetsa mtima ndi kudina, kudinanso, osadziwa ngati ndalama ya membala yalembedwa kapena ayi.

"Ndiye nthawi zina ndimalemba kawiri," anatero mayiwo. "Mwezi watha tinakangana ndi mayi wina chifukwa cha 5,000 kwacha yooneka kawiri."

Pamenepo pakhonde panachita zii. Aliyense wa ife amadziwa chimene ndalama yosamveka bwino imachita pakati pa anthu okhala mudzi umodzi, opemphera tchalitchi chimodzi.

Mnyamatayo sakanatha kukonza apu ya eni ake ali pakhonde. Ananena zimenezo poyera. Koma anapempha pepala, wokonza mafoni n'kung'amba tsamba m'kabuku kake ka malisiti, ndipo analemba zoti mayiwo akapereke kwa alangizi a bungwe lija: mtundu wa foni ndi RAM yake, masekondi 47 aja, data imene apu yadya mwezi uno, ndi pempho lakuti zolemba zizisungidwa m'foni, zithunzi zichepetsedwe ku seva komweko, ndipo mamembala onse azibwera ndi funso limodzi. Anawauza kuti asakangonena kuti ikuchedwa, chifukwa mawu amenewo aliyense amawayankha ndi gulani foni ina. Akaonetse manambala. Anawonjezera kuti pakadali pano kabuku kabwerere m'chikwama, kaziyenda limodzi ndi foni.

"Kabuku sindinakataye, mwana wanga," anatero mayiwo, akupinda pepalalo n'kulimanga pamfundo ya chitenje. Anafunsa wokonza mafoni kuti alipire zingati. Bamboyo anakweza dzanja kukana. Kuflasha kuja sanakutchulenso, anangowachotsera mavidiyo akale a pa WhatsApp kuti memori ipume, n'kuwapukutira sikirini ndi kansalu.

Mvula inayamba kukata. Makondakitala anatulukanso kuitanira a ku Bangwe, a ku Machinjiri, a ku Blantyre, ndipo mayiwo anafunda chitenje kumutu n'kudumpha ngalande. Wachimanga anabweza mbaula pamalo pake. Mnyamata wa laputopu sanachoke msanga. Anawerama pa katebulo kagalasi kaja, akuyang'ana mafoni osaomboledwa, mpaka analoza ina yakuda yong'aluka pakona.

"Iyi ndi ya RAM yanji, madala?"

"Imeneyo ndi 1 GB. Koma bwana, inu ndi foni yanu yabwinoyo, imeneyi mukatani nayo?"

"Ndili ndi pulogalamu ya sukulu ina imene ndikupereka Lolemba. Sindinaiyesepo pa foni ngati iyi."

Ananenerera mtengo kwa kanthawi, bamboyo n'kutsitsa pang'ono, n'kuwonjezerapo chaja. Pamene ndinkatsika pakhonde kulowa m'matope, mnyamatayo anali atakhala pa benchi, laputopu pamiyendo, kafoni kakuda kaja kali pa waya, maso ali pa wotchi ya pamkono.